Chifukwa chiyani mankhwala a malungo amasinthasintha? Yankho kwa mayi a ku Sharpevale

Mayi wina wa ku Sharpevale m'boma la Ntcheu walemba kuti: "A dokotala, bambo anga ali ndi zaka zoposa 70, ndipo mwezi watha anawapeza ndi malungo kuchipatala. Anawapatsa LA, koma anangomwa tsiku limodzi ndi theka n'kusiya, ati mapiritsiwo ndi ochuluka ndipo thupi linali litapepuka kale. Papita masabata awiri, thupi layambanso kutentha, koma akukana kubwerera kuchipatala. Akuti kale ankamwa chloroquine n'kuchira, kenako boma linati Fansidar, lero likuti LA, ndiye kuti madokotala sadziwa chimene akuchita, kapena akungotiyesera mankhwala. Panopa akumwa madzi a masamba a nimu, ndipo mnzawo wawalonjeza tiyi wa artemisia. Kodi ndiwauze chiyani, popeza nanenso funso lawolo landisowetsa choyankha?"

Amayi, zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu, ndipo musade nkhawa kuti mwina bambo anu ndi okanika kapena kuti funso lawo ndi lachibwana. Pa zaka zimene ndagwira ntchito m'zipatala za m'maboma a Dedza ndi Ntcheu, funso limeneli ndakhala ndikulimva kawirikawiri, makamaka kwa akuluakulu amene anaona ndi maso awo mankhwala atatu akusinthana popanda wina wowakhazika pansi n'kuwafotokozera chifukwa chake. Vuto la bambo anu ndi lochizika ndipo nthawi ikadalipo. Komabe ndikupempheni kuti musadikire kuti ayambe akhutira ndi zonse zimene ndilembe pano, chifukwa munthu wa msinkhu wawo amene thupi latenthanso atasiyira mankhwala panjira ayenera kuyezedwanso magazi lero kapena mawa.

Bambo anu akunena zoona pamene akuti chloroquine ankachiza, ndipo mukamayankhula nawo muyambe ndi kuwavomereza pamenepo. Ankachizadi, anali wotsika mtengo, ndipo anapulumutsa anthu osawerengeka. Chimene chinasintha ndi tizilombo toyambitsa malungo, ndipo madokotala anasintha mankhwala chifukwa anali ndi njira zoonera kusinthako. Kuti mfundo imeneyi imveke bwino, tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono, ku nthawi imene anthu ankachiza malungo asakudziwa n'komwe chimene chimawayambitsa.

Mankhwala oyamba odalirika a malungo anachokera ku khungwa la mtengo wotchedwa cinchona, umene umamera m'mapiri a ku South America, ndipo khungwalo linafika ku Ulaya m'zaka za m'ma 1600. Anthu ankalisinja n'kumamwa ufa wake, koma khungwa lina linkakhala lamphamvu, lina lopanda ntchito, ndipo panalibe wodziwa mlingo woyenera. Mu 1820 akatswiri awiri a ku France, Pierre Pelletier ndi Joseph Caventou, anakwanitsa kupatula m'khungwamo chinthu chenicheni chimene chimachiza, chomwe ndi kwinini, ndipo kuyambira pamenepo zinatheka kuyeza mlingo pa sikelo n'kudziwa kuti wodwala walandira wochuluka bwanji. Kwinini ameneyu ali m'mbiri ya dziko lathu lomwe lino. Bishopu Charles Mackenzie anamwalira ndi malungo mu Januwale 1862 kufupi ndi pamene mtsinje wa Ruo umathira mu Shire, bwato lake litagudubuzika n'kumiza mankhwala amene ananyamula, ndipo patangopita miyezi itatu Mary, mkazi wa David Livingstone, anamwaliranso ndi malungo ku Shupanga m'mphepete mwa Zambezi. Amishoni a Livingstonia anasamuka ku Cape Maclear kupita ku Bandawe mu 1881, kenako n'kukwera kumapiri a Khondowe mu 1894, ndipo chimodzi mwa zimene ankathawa chinali malungo a kunyanja. Anthu onsewa ankaona kuti kumadambo ndi kuzigwa kumadwalitsa, monga momwe anthu a ku Tsangano kapena ku Bembeke amadziwira kuti akatsikira ku Bwanje kapena ku Mtakataka amabwerako ndi malungo, koma ambiri ankaganiza kuti vuto ndi mpweya woipa wotuluka m'zithaphwi.

Chinsinsi chinayamba kuululika mu 1880, pamene Alphonse Laveran, dokotala wa asilikali a ku France amene ankagwira ntchito ku Algeria, anaika dontho la magazi a wodwala pa maikulosikopu n'kuona tizilombo tamoyo tikugwedezeka. Madokotala anzake ambiri sanamukhulupirire kwa zaka zingapo. Mu 1897 dokotala wa ku Britain Ronald Ross, ali ku India, anapeza tizilomboto m'mimba mwa udzudzu umene unaluma munthu wodwala, ndipo chaka chotsatira akatswiri a ku Italy, mmodzi mwa iwo Giovanni Battista Grassi, anatsimikiza kuti malungo a anthu amafala ndi udzudzu wa mtundu wa Anopheles. Panadutsanso zaka 50, mpaka 1948, kuti zidziwike kuti tizilomboti tikalowa m'thupi timayamba tabisala m'chiwindi n'kuswana m'menemo tisanatulukire m'magazi, chimene n'chifukwa chake munthu amadwala patapita sabata kapena kuposerapo chilumidwireni. Ndikufotokoza zimenezi chifukwa njira yomweyi ya Laveran, yoyang'ana dontho la magazi n'kuwerenga tizilombo, ndiyo imene patsogolo pake inaulula kuti chloroquine wayamba kulephera.

Chloroquine anapangidwa koyamba ku Germany mu 1934, ndipo anafala padziko lonse nkhondo yachiwiri itatha. Anali wosavuta kumwa moti ankagulitsidwa m'magolosale ndi m'timaokala, ndipo munthu aliyense amene mutu wamuwawa kapena thupi laphwanya ankagula mapiritsi awiri kapena atatu monga mwa ndalama zimene ali nazo. Apa ndi pamene panagona vuto. M'thupi la munthu mmodzi wodwala malungo mumakhala tizilombo mabiliyoni, ndipo sitifanana ndendende. Mwa apo ndi apo timabadwa tina tolimbirapo pang'ono. Mlingo wokwanira umapha tonse, koma mlingo woperewera umapha tofooka tokha n'kusiya tolimbato, ndipo timeneti ndi timene timaswana, udzudzu n'kutitenga kukapatsa munthu wina. Mlimi amene anathirapo mankhwala operewera m'matumba a chimanga amadziwa kuti anankafumbwe amene atsala ndi amene amadzamaliza chimangacho, ndipo bambo anu, amene mwina alima moyo wawo wonse, sadzavutika kumva mfundo imeneyi. Tizilombo tosamva chloroquine tinaonekera koyamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 kumwera chakum'mawa kwa Asia ndi ku South America, ndipo pofika 1978 tinali titafika kum'mawa kwa Africa.

Amene ankagwira ntchito m'mawodi a ana m'zaka za m'ma 1980 amasimbabe zimene ankaona. Mwana ankamwa chloroquine mlingo wonse, thupi n'kuzizira, koma pasanathe masabata awiri mayi ake n'kubwera naye zikhatho ndi zikope zili zoyera chifukwa chosowa magazi, ndipo akamuyeza tizilombo tili momwemo. Akatswiri anayamba kutsatira ana otere tsiku ndi tsiku, kuwayeza magazi mobwerezabwereza, ndipo umboni utachuluka, Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba kugwiritsa ntchito SP, amene ambiri timamudziwa ndi dzina loti Fansidar, mu 1993. Ichi chinali chiganizo cholimba mtima, chifukwa mayiko otizungulira anapitiriza ndi chloroquine kwa zaka zina zingapo, ndipo ine ndimachiwerengera pa zinthu zimene dziko lathu liyenera kunyadira.

SP anakondedwa chifukwa munthu wamkulu ankangomwa mapiritsi 3 kamodzi basi, ndipo ndikukhulupirira kuti ichi ndi chimene bambo anu akuchilakalaka akamaona mapiritsi 24 a LA. Tsoka lake, SP amakhalitsa m'magazi ali wochepa mphamvu kwa masabata angapo, ndipo tizilombo tatsopano tikalowa m'nthawi imeneyo timakumana ndi mlingo wosapha, n'kuphunzira kumupirira. Sanathe zaka zambiri ali wamphamvu. Kafukufuku amene anachitika pa ana a ku Ndirande mumzinda wa Blantyre, n'kufalitsidwa mu 2006, anaonetsa zinthu ziwiri zodabwitsa. SP anali atafooka kwambiri moti ankalephera pa ana ambiri, pamene chloroquine, amene anali atachotsedwa kwa zaka 12, anachiza ana 99 mwa 100 aliwonse. Zimenezi zinachitika chifukwa tizilombo tosamva chloroquine timakhala tofookerapo pa zinthu zina, ndiye mankhwalawo atachoka tinagonja kwa tinzake n'kuzimiririka.

Bambo anu akamva zimenezi angafunse kuti nanga bwanji osabwerera ku chloroquine, ndipo limenelo ndi funso lanzeru. Yankho lake lili pafupi ndi kwanu komweko. Aliyense amene anayendapo pa msewu wa M1 pakati pa Biriwiri ndi Lizulu amadziwa kuti m'malo ena mbali imodzi ya msewu ndi Malawi ndipo mbali inayo ndi Mozambique, anthu amagula mbatata ndi kabichi pamsika umodzi, amakwatirana, ndipo udzudzu sudziwa malire. Tizilombo tosamva chloroquine sitinathe padziko lonse, choncho tikanamubweza yekha m'magolosale, tikanabwerera msanga pamene tinali mu 1993. Phunziro limene akatswiri anatolapo pa kugwa kwa mankhwala awiriwa ndi lakuti mankhwala amodzi akamagwiritsidwa ntchito paokha sachedwa kugonja, ndipo pamenepa ndi pamene panabadwira LA.

Mbiri ya LA inayambira ku China. Mu 1967, nkhondo ya ku Vietnam ili mkati ndipo asilikali akufa ndi malungo osamva chloroquine, boma la China linakhazikitsa ntchito yachinsinsi yofufuza mankhwala atsopano. Mayi wina katswiri, Tu Youyou, pamodzi ndi gulu lake anasanthula zolemba zakale za asing'anga a kwawo n'kuyesa zitsamba zambirimbiri, mpaka anafika pa chitsamba cha Artemisia annua. Poyamba zotsatira zake zinkasinthasintha, kufikira mayiyu atazindikira kuti kuwiritsa kumaononga mphamvu ya chitsambacho, ndipo anapeza njira yotulutsira mankhwalawo popanda kutentha kwambiri. Mu 1972 gululi linapatula artemisinin, mayiyu anayamba wamwa yekha asanapatse odwala, ndipo mu 2015 analandira mphoto ya Nobel. Malawi linayamba kupereka LA ngati mankhwala oyamba a malungo chakumapeto kwa 2007.

M'piritsi lililonse la LA muli mankhwala awiri, ndipo apa ndi pamene pali yankho la zimene zachitikira bambo anu. Artemether, wochokera ku artemisinin, amagwira ntchito mofulumira kwambiri, amapha tizilombo tochuluka m'maola ochepa, ndipo n'chifukwa chake wodwala amamva kupepuka tsiku lachiwiri. Koma sakhalitsa m'thupi, amatha m'maola ochepa omwewo. Mnzake lumefantrine amachedwa kuyamba koma amakhala masiku angapo akusesa tizilombo totsalira, ndipo kuti achuluke mokwanira m'magazi pamafunika kumwa maulendo onse 6 m'masiku 3. Munthu wamkulu amamwa mapiritsi 4 ulendo woyamba, 4 ena pakadutsa maola 8, kenako 4 m'mawa ndi 4 madzulo kwa masiku awiri otsatira. Bambo anu anasiya pamene artemether anali atawapepukitsa koma lumefantrine asanamalize ntchito yake. Chinanso chimene ambiri sauzidwa n'chakuti lumefantrine amalowa bwino m'magazi akamwedwa ndi chakudya chokhala ndi mafuta pang'ono, monga phala lothira nsinjiro, ndiwo zotendera, mkaka kapena mtedza wokazinga, ndipo wodwala amene akumwa ndi madzi okha m'mimba muli pululu sapindula mokwanira.

Pa nkhani ya nimu ndi tiyi wa artemisia ndiyankhula mosabisa koma mwaulemu, chifukwa mbiri imene ndafotokozayi ikuonetsa yokha kuti kwinini ndi artemisinin anachokera ku mitengo, ndipo dokotala amene amanyoza zitsamba zonse sadziwa kumene mankhwala ake anachokera. Kusiyana kuli pa mlingo. Mphamvu ya tsamba la artemisia imasintha malinga ndi nthaka, nyengo imene lathyoledwa, kaumitsidwe ndi kaphikidwe kake, moti kapu ya lero ndi ya mawa sizifanana, ndipo nthawi zambiri mlingowo umakhala wokwanira kuziziritsa thupi koma wosakwanira kutha tizilombo. Umenewu ndi mkhalidwe womwewo umene unagwetsa chloroquine, ndipo n'chifukwa chake bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO sililimbikitsa tiyi ameneyu. Nkhawa yake si yongopeka, popeza tizilombo tochedwa kufa ndi artemisinin tinaonekera ku Cambodia cha m'ma 2008, ndipo m'zaka zaposachedwapa tapezekanso ku Rwanda, Uganda ndi Eritrea. Kunena za nimu, kuwawa kwake kumachititsa anthu kuganiza kuti ndi wofanana ndi kwinini, koma palibe umboni wodalirika woti amachiza malungo mwa munthu, ndipo madzi ake akamwedwa ochuluka amatha kusanzitsa ndi kutsegula m'mimba, zimene kwa munthu wokalamba amene thupi likutentha kale zimamuumitsa madzi n'kulemetsa impso.

Mawu awo akuti akungotiyesera mankhwala musawakankhire kumbali, chifukwa m'mbiri ya zachipatala padziko lapansi munachitikadi kafukufuku wina amene anthu ankayesedwa osauzidwa, ndipo malamulo okhwima amene alipo lero anabwera chifukwa cha zolakwa zoterozo. Masiku ano kafukufuku aliyense wokhudza anthu m'dziko muno amayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali, ndipo munthu amafotokozeredwa n'kusaina kapena kudinda chala mwa kufuna kwake. LA amene amaperekedwa pawindo la mankhwala sali pa kafukufuku. Ndi mankhwala omwewo amene mlendo wa ku Ulaya kapena ku America amapatsidwa kwawo akabwerera ndi malungo. Ndiponso Malawi si dziko longolandira nzeru za ena pa matendawa. Njira yoyezera kukomoka kwa mwana wodwala malungo a mu ubongo, imene imagwiritsidwa ntchito m'mayiko ambiri, inapangidwa ku chipatala cha Queen Elizabeth ndipo imatchedwa ndi dzina la Blantyre, komanso katemera woyamba wa malungo anayamba kuperekedwa kwa ana kusikelo m'dziko muno mu Epulo 2019, Ghana ndi Kenya asanayambe, ndipo WHO inamuvomereza mu 2021.

Tsopano tibwere kwa bambo anu enieniwo. Kutentha thupi kumene kwabwereraku kungakhale malungo omwe aja amene sanathe, ndipo ndi zimene ndikuziganizira kwambiri. Kungakhalenso malungo atsopano, popeza ku chigwa cha Bwanje udzudzu susowa, makamaka ngati sagona m'neti. Koma kungakhalenso matenda ena osakhudzana ndi malungo, ndipo kwa bambo wa zaka zoposa 70 ndimaganizira chibayo, matenda a m'njira ya mkodzo, taifodi, ngakhalenso TB ngati akutsokomola, kuonda ndi kutuluka thukuta usiku. Mukafika kuchipatala munene zoona zonse, kuti anamwa LA maulendo angati, analekeza liti, ndipo akumwa zitsamba ziti, ndipo mutenge buku lawo la kuchipatala pamodzi ndi mapiritsi otsalawo ali m'pepala lake. Palibe chifukwa chobisira poopa kukalipiridwa, chifukwa dokotala akadziwa zimenezi amasankha bwino chochita. Kachipangizo koyezera malungo pa chala kaja kamatha kuonetsabe mizere iwiri kwa masabata angapo munthu atachira, choncho kwa wodwala amene wangomwa kumene LA n'kofunika kuti magazi aonedwe pa maikulosikopu, ndipo ngati chipatala cha kwanuko chilibe, pemphani kalata yokutumizani kumene ilipo. Ngati tizilombo tapezekadi, achipatala ndi amene adzaone ngati abwereze LA kapena apereke mankhwala ena amene amaperekedwa LA akalephera. Musawayambitse nokha mapiritsi otsala aja, ndipo musagule Fansidar kapena chloroquine wa pamsika. SP amene mumaona amayi oyembekezera akumwa kusikelo amaperekedwa ngati chitetezo kwa mayi ndi mwana wosabadwayo, ndipo sangadaliridwe pochiza munthu amene wadwala kale.

Pali zizindikiro zina zimene zikaoneka simuyenera kudikira kuti kuche kapena kuti bambo avomere. Ngati ayamba kusokonezeka mutu, kuyankhula zosagwirizana kapena kugona mosadzutsika, ngati akusanza chilichonse chimene amwa, ngati akomoka kapena kugwedezeka thupi, ngati akupuma mobanika, ngati maso asanduka achikasu, mkodzo wada kapena wachepa kwambiri, kapena ngati akulephera kukhala tsonga okha, pezani galimoto kapena njinga yamoto nthawi yomweyo. Malungo aakulu otere amachizidwa ndi jakisoni wa artesunate, amene analowa m'malo mwa kwinini wa m'diripi kafukufuku wamkulu wa mu 2010 m'mayiko angapo a mu Africa ataonetsa kuti amapulumutsa ana ambiri kuposa kwinini, ndipo kwa akuluakulu zinali zitaoneka kale chimodzimodzi ku Asia. Jakisoniyu amagwira ntchito bwino wodwala akafika msanga.

Pokambirana nawo, pewani kuwatsutsa pamaso pa ana kapena adzukulu, chifukwa munthu wamkulu akachititsidwa manyazi amaumirira pa mawu ake ngakhale mumtima atavomera. Ngati pali mlongo wawo, mkulu wa mpingo kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu amene amamumvera, mupempheni kuti akuthandizeni ndipo ngati n'kotheka apite nawo limodzi. Akalandira mankhwala, musawasiyire pepala lonse m'thumba la jekete. Lisungeni inu kapena munthu mmodzi wodalirika, muziwapatsa pa nthawi yake atadya kanthu, ndipo ulendo uliwonse muzichonga pa kalendala kuti pa tsiku lachitatu pasakhale kukangana. Akasanza pasanathe theka la ola atamwa, ulendo umenewo ubwerezedwe, ndipo mukauze achipatala kuti akuwonjezereni mapiritsi olowa m'malo. Ngati thupi likutenthabe pakatha masiku atatu akumwa bwino, kapena likatenthanso pasanathe mwezi, abwererenso kuchipatala komweko ndi buku lawo kuti akafufuzidwe matenda ena aja.